Kupuma kapena mafizo? Zomwe ndakumana nazo powerenga za multiple sclerosis

Temu ino tili pa matenda a ubongo ndi mitsempha, ndipo asainimenti yomwe yandisowetsa tulo ndi ya multiple sclerosis, MS mwachidule. Kwathu timadziwa sitiroko, khunyu, poliyo, koma kuno ku UK komwe masana ndimasamalira anthu m'makomo mwawo nkumaphunzira za fizo madzulo, MS ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. A bungwe la MS Society amati anthu opitirira 150,000 ali nayo m'dziko muno, ndipo kumtunda ku Scotland, makamaka pa zilumba za Orkney, ndiye yachita kunyanya. Dziko lonse lapansi kafukufuku wa Atlas of MS wa 2020 anapeza anthu 2.8 miliyoni, azimayi kuchuluka kawiri kuposa azibambo, ndipo ambiri amawapeza nayo ali ndi zaka za m'ma 20 kapena 30, munthu akungoyamba kumene ntchito, mwana woyamba ali kumsana.

Chomwe chimachitika nchakuti chitetezo cha m'thupi chimaukira mwini wake yemwe nkuyamba kuwononga myelin, kachikuto kamafuta kamene kamakuta mitsempha ya mu ubongo ndi ya mu msana. Kakawonongeka kameneka uthenga wochoka ku ubongo kupita ku mwendo umachedwa, pena sufika nkomwe, nde munthu amayamba dzanzi, diso limodzi kuona mwachimbuuzi, kudzandira ngati walawa pomwe sanamwe kanthu, mkodzo kuvuta kuugwira, kuiwalaiwala. Jean-Martin Charcot anawafotokoza bwino matendawa ku Paris mu 1868. Mankhwala ochepetsa kubwererabwerera kwake alipo kuyambira mu 1993 pomwe interferon beta inavomerezedwa ku America, ndipo pano alipo ambiri amphamvu, koma sabwezeretsa zomwe zawonongeka kale. Kuti munthu akwere sitepe ya pakhomo pake, amange mabatani, akumbukire kuti poto ali pamoto, imeneyo ndi ntchito yathu ife a mafizo ndi anzathu ena.

Mbali yomwe yandikoka mtima kwambiri ndi ya kutentha. Mu 1890 dokotala wa maso wa ku Germany, Wilhelm Uhthoff, anaona kuti odwala ena akachita zolimbitsa thupi maso awo amachita chidima kwa kanthawi. Pambuyo pake ndi pomwe zinadziwika kuti vuto ndi kutentha kwa thupi, likangokwera olo kosakwana digiri imodzi mitsempha yosupuka ija imalephera kudutsitsa uthenga. Zinafika poti makina ojambula m'kati mwa thupi a MRI asanabwere madokotala ankamuika munthu mu bafa la madzi otentha dala kuti aone ngati zizindikiro zikule, ndiyo inali njira imodzi yoyezera imeneyo, tangoganizani. Ine izi ndimaziona ndi maso. Pali mayi wina amene ndimamuthandiza kusamba m'mawa, madzi akangotentha mopitirira pang'ono mwendo wakumanzere umakana kunyamuka kuti atuluke mu shawa, amaugwira ndi manja awiri pa bondo nkuukweza yekha uku akuutukwana mwanthabwala. Timatsegula windo, amwa madzi ozizira a mu fuliji, akhala pa bedi ndi thaulo lonyowa pakhosi, pakatha ka theka la ola mwendo uja wabwerera mwakale. Palibe chomwe chawonongeka, zimangodutsa. Koma madokotala akale poona zimenezi ankawauza odwala kuti musamadzitopetse, kapumeni, ndipo kunena zoona sindingawanene, aliyense akanaganiza chomwecho.

Vuto la kupumako ndi loti munthu akamangokhala minofu imafota, mtima ndi mapapo zimafooka, nde kulemala kwa matenda kumaphatikizana ndi kulemala kobwera chifukwa chongokhala, ndipo kwachiwiriku nkopeweka. Mu 1996 Jack Petajan ndi anzake ku University of Utah anatenga anthu 54 a MS nkuwagawa pawiri, gulu lina linkapalasa njinga ya mu jimu yogwiritsa manja ndi miyendo mphindi 40 katatu pa sabata kwa masabata 15. Sanaipireipire monga anthu ankaopera, m'malo mwake mphamvu zinakwera, kukhumudwa ndi kupsa mtima zinatsika. Kenako mu 2009 Ulrik Dalgas ku Aarhus, Denmark, anaonetsa kuti kunyamula zitsulo ndi miyendo kawiri pa sabata kwa masabata 12 kumawonjezera mphamvu ndi kayendedwe. Pofika 2013 ku Canada anatulutsa malangizo osavuta kuwaloweza, mphindi 30 za masewera othamangitsa mtima kawiri pa sabata, kuwonjezera zolimbitsa minofu ikuluikulu kawiri pa sabata, kwa amene matenda sanawafooketse kwambiri. Kutentha kuja amangokupewa ndi fani, madzi ozizira, kapena kupangira mafizo mu dziwe losambira losatentha.

Apa ndi pomwe ife oleredwa kwathu zimatigunda. Tinakula tikudziwa kuti wodwala sagwira tsache, ukamuona akuvutika ndi batani umathamanga nkunena kuti khalani amayi ndikuchitireni, ndipo usatero anthu amati ulibe umunthu. Onjezerani kuti pa shifiti nthawi ya pakhomo lililonse ndi yowerengeka, kumumangira munthu mabatani nkwachangu kusiyana nkuima pambali manja kumbuyo iye akulimbana nalo batani lachitatu. Koma kuimako ndi mbali ya chithandizo.

Koma musafulumire kunena kuti basi tiwasiye azichita okha zonse, ayi, nkhani yake ili ndi mphanda. Kutopa kwa MS si kutopa komwe inu ndi ine timakudziwa. Ambiri mwa odwala, pafupifupi atatu mwa anayi alionse, amakhala nako, ndipo ena amati ndi komwe kumawazunza kuposa china chilichonse chifukwa sikuoneka, abale ndi mabwana amangoti ndi ulesi. Zili ngati mayunitsi a magetsi a prepaid, munthu amadzuka ali ndi ochepa a tsiku limenelo, akawathera pa kusamba choimirira ndi kuyala bedi ndiye kuti pofika masana zathima. Pulogalamu ya FACETS yomwe Sarah Thomas ndi anzake ku Bournemouth anaiyesa pa anthu 164 nkufalitsa zotsatira mu 2013 imaphunzitsa zimenezi, magulu ang'onoang'ono kukumana kamodzi pa sabata kwa masabata 6, kuphunzira kugawa ntchito, kupuma usanatope osati utagwa kale, komanso kulimbana ndi maganizo oti ndikapempha thandizo ndiye kuti ndine wolephera. Kutopa kunachepa ndithu, osati mozizwitsa koma kunachepa. Nde funso lenileni lomufunsa munthu ndi loti mphamvu zanu za lero mukufuna zipite kuti. Mayi ndanena uja amafuna kuyenda yekha kukafika pa geti ya sukulu kukatenga mwana wake, chifukwa chake amasamba atakhala pa kampando ndipo masokosi ndimamuveka ndine, koma njira ya ku sukuluyo sindimugwira mkono pokhapokha andiuze.

Za kuiwala nazo zili ndi kafukufuku wake. Nancy Chiaravalloti ndi John DeLuca ku Kessler Foundation, New Jersey, anayesa njira yophunzitsa anthu kusandutsa zomwe akufuna kukumbukira kukhala zithunzi za m'mutu ndi kankhani, maphunziro 10 pa masabata 5, ndipo mu 2013 anaonetsa pa anthu 86 kuti kuphunzira zinthu zatsopano kunayenda bwinoko. Ndinaiyesa powerengera mayeso a mitsempha ya m'mutu, imagwira eti.

Alekichala athu anatipatsa dala pepala lina la kafukufuku loti litiziziritse mitima, la CogEx, lomwe linatuluka m'magazini ya Lancet Neurology mu 2023, wotsogolera Anthony Feinstein wa ku Toronto. Anthu 311 a MS yomangoipiraipira, m'mayiko 6, ena anapatsidwa maphunziro a ubongo a pa kompyuta pamodzi ndi masewera olimbitsa thupi, ena chimodzi chokha, ena zongoyerekeza monga kudziongola ndi kuphunzira kagwiritsidwe ka intaneti. Patatha masabata 12 panalibe kusiyana kwenikweni pakati pa maguluwo pa liwiro la kuganiza, ambiri anasintha bwino, kuphatikizapo a zongoyerekeza aja. M'kalasi tinakangana, ena akuti ndiye kuti mafizo alibe ntchito, ena akuti zongoyerekezazo sizinali zopanda kanthu chifukwa munthu wongobindikira m'nyumba ukamutulutsa kawiri pa sabata nkumacheza naye wamupatsa kale chinachake. Ine ndili mbali yachiwiriyi, komabe pepala limeneli landiphunzitsa kusamulonjeza wodwala zomwe manambala sananene.

Chomwe chikundiwawa nchakuti akafukufuku ambiri amatenga anthu oti akuyendabe. Pa sikelo yoyezera kulemala ya EDSS yomwe John Kurtzke anakonza mu 1983, kuyambira 0 mpaka 10, pa 6 ndi pomwe munthu amafuna ndodo kuti ayende mamita 100, pa 7 ndi wa pa wilutcheya. Ambiri omwe ine ndimawadzutsa m'mawa ali pa 7 kupita m'mwamba, ndipo ukafika pamenepo mapepala amachepa mochititsa manyazi, pomwe ndi anthu amene dzanja lokha likagwira bwino supuni tsiku lawo lonse limasintha.

Pena ndimaganiza za kwathu, mmene ku Nsanje ndi Chikwawa kumawotchera mu Okutobala, munthu wa MS angakhale bwanji kumeneko opanda fani. Kale ankati matendawa ndi osowa pakati pa anthu akuda a mu Africa, Geoffrey Dean analemba zotere ku South Africa m'ma 1960, koma kuwapeza kumafuna MRI ndi dokotala wa ubongo, zinthu zomwe kwathu nzowerengeka. Zogawa mphamvu za tsiku ndi zomusiya munthu amange yekha batani sizifuna mashini, ndipo zingathandize ngakhale wa sitiroko amene watuluka ku chipatala cha mafizo cha Kachere ku Blantyre nkubwerera kumudzi.

Asainimenti yanga ndasankha kuilemba pa mafizo a manja kwa anthu a pa wilutcheya. Sabata yamawa tili ndi pulakitiko ya kuyeza manja ndi kabokosi ka mabowo 9, munthu amalowetsa timitengo m'mabowo nkutichotsanso ndi dzanja limodzi uku wina wagwira wotchi, ngati alipo wa fizo amene anakagwiritsapo ntchito kwa wodwala wonjenjemera manja andiuzeko mmene anachitira timitengo tikamagwera pansi.