Foni ya Galaxy A16 ndi mtengo wake kwa munthu wa ku Mzuzu

Foni imene ndakhala nayo kwa zaka zitatu yatopa. Batire lake silifikanso masana, ndipo cha kumunsi kwa sikirini kuli malo amene sakumvanso chala, moti polemba uthenga ndimachita kuitembenuza kuti zilembo zipite mbali imene ikugwirabe ntchito. N'chifukwa chake kwa milungu ingapo ndakhala ndikulowa ndi kutuluka m'mashopu a m'tauni muno, kuyambira cha kudepoti mpaka kumsika wa Taifa, kugwira mafoni ndi kufunsa mitengo. Pa onse amene ndaona, imene yandiganizitsa kwambiri ndi Galaxy A16 ya kampani ya Samsung, yomwe inatulutsidwa chakumapeto kwa chaka cha 2024 ndipo ilipo ya mitundu iwiri, ya 4G ndi ya 5G.

Chimene chimayamba kukopa maso ndi sikirini yake. Ndi yaikulu mainchesi 6.7, ndipo ndi ya mtundu wotchedwa Super AMOLED. Kusiyana kwake ndi sikirini za LCD, zimene zili m'mafoni ambiri otsika mtengo, n'kwakuti pa LCD pamakhala nyali kuseri imene imaunikira sikirini yonse nthawi imodzi, pamene pa AMOLED kadontho kalikonse kamadziwalira kokha, ndipo pamalo pamene pakufunika mtundu wakuda timadonthoto timangozima. Zotsatira zake n'zakuti zithunzi zimaoneka zakuthwa, ndipo munthu akasankha maonekedwe akuda pa foni yake batire limapumulako. Chithunzi cha pa sikiriniyi chimasinthika maulendo 90 pa sekondi iliyonse, ndipo ichi munthu amachimva pa chala akamatsetsereka pa mauthenga a WhatsApp, chifukwa zolemba zimayenda mosadodoma. Pamene Steve Jobs ankaonetsa dziko iPhone yoyamba mu Januwale 2007, sikirini yake inali mainchesi 3.5 okha, kamera yake inali ya mamegapikiselo 2, ndipo yotsika mtengo inkagulitsidwa madola 499. Lero foni imene Samsung amaiika m'gulu la anthu opeza pang'ono yaiposa kutali pa zonsezi.

Za makamera sindichedwapo. Kumbuyo alipo atatu, yaikulu ya mamegapikiselo 50, ina ya 5 yojambula malo aakulu, ndi ina ya 2 yojambula zinthu zapafupi kwambiri, ndipo yakutsogolo ndi ya 13. Ogulitsa amakonda kuyamba ndi manambala amenewa, koma pa ntchito zanga, zimene ndi kujambula zikalata, marisiti ndi ana pa tsiku la chikondwerero, kamera yaikuluyo yokha ndi yokwanira. Kuchuluka kwa magalasi kumbuyo kwa foni sikuyenera kutsegulitsa munthu chikwama.

Batire ndi nkhani ina. Ndi la 5,000 mAh, ndipo limalandira chaja champhamvu mpaka mawati 25. Kwa ife amene timadziwa kuti magetsi akhoza kuzima m'mawa n'kudzayaka dzuwa litalowa, kuchaja msanga n'kofunika mofanana ndi kukula kwa batirelo, chifukwa ola limodzi limene magetsi abwera liyenera kudzaza foni mokwanira kufikitsa munthu tsiku lotsatira. Koma pano pali chinthu chimene wogula ayenera kudziwiratu. M'bokosi la foniyi mumakhala chingwe chokha, mutu wa chaja mulibe, choncho uyenera kugulidwa padera. Wina adzaganiza zongotola chaja chotchipa pa tebulo la m'mphepete mwa msewu, koma chaja chosadziwika bwino chimatenthetsa foni ndi kufupikitsa moyo wa batire, ndipo ndalama imene wapulumutsa lero adzailipira kangapo kwa mmisiri. Komanso kabowo kolowetsa mahedifoni a chingwe kanachotsedwa pa foni imeneyi, ndipo amene amamvera nyimbo kapena ulaliki m'minibasi afunika mahedifoni a Bluetooth kapena olowa pa kabowo kochajira. Zonsezi ndi ndalama zimene sizilembedwa pa kapepala ka mtengo.

Chinthu china chaching'ono chimene munthu wa ku Mzuzu angachiyamikire kuposa wa ku Nsanje ndi chizindikiro cha IP54. Chimatanthauza kuti foni yatetezedwa ku fumbi ndi ku madzi owaza. Sichitanthauza kuti ikhoza kumizidwa m'ndowa kapena kugwera m'nyanja ku Nkhata Bay n'kupulumuka. Koma mvula yathu yowaza ija, imene imatha kukupeza uli pa kabaza pakati pa Katoto ndi Luwinga ngakhale m'miyezi imene kwina kwauma, ndi imene chitetezo chotere chinapangidwira.

Komabe chimene chandichititsa kulemba nkhaniyi sichioneka ndi maso m'shopu. Samsung analonjeza kuti foni imeneyi, imene inatuluka ndi Android 14, idzalandira mitundu isanu ndi umodzi yatsopano ya Android, komanso zokonza za chitetezo kwa zaka zisanu ndi chimodzi, kutanthauza mpaka cha m'ma 2030. Lonjezo lotere kale linkaperekedwa pa mafoni odula okha. Anthu ambiri kuno sitiliganizira, chifukwa tinazolowera kuti foni imafa ikasweka kapena batire likatupa. Koma ilipo imfa ina imene imabwera mwakachetechete. Opanga mapulogalamu amasiya pang'onopang'ono kuthandiza Android yakale, monga mmene WhatsApp inachitira mu Okutobala 2023 pamene inasiya kugwira ntchito pa mafoni a Android yochepera 5.0. Tsiku lina foni yooneka yabwinobwino imangokana kutsegula pulogalamu ya kubanki, ndipo mwini wake amadabwa kuti yalakwa chiyani.

Nkhani ya chitetezo ndi yaikulu kuposa pamenepo. Foni ya masiku ano ndi chikwama cha ndalama. Malipiro anga amadutsa momwemo, ndalama zimene ndimatumizira mayi anga kumudzi ku Rumphi zimadutsa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, mayunitsi a magetsi ndi bilu ya madzi ndimalipirira momwemo, ndipo ngakhale zopereka za gulu lathu la kumpingo zimasonkhanitsidwa pa foni. Zokonza za chitetezo zija ntchito yake ndi kutseka mipata imene akuba a pa intaneti apeza m'mapulogalamu. Foni imene yasiya kuzilandira ili ngati nyumba imene loko wake anthu ambiri aphunzira kale kutsegula, ngakhale kuti kunja penti ikadali yowala.

Tsopano tifike pa mtengo. Ku America, Galaxy A16 ya 5G inayamba kugulitsidwa mu Januwale 2025 pa madola 199.99. Tikawerengera pa mtengo wa kubanki, umene panthawiyo unali pafupifupi K1,750 pa dola imodzi, ndalamazi ndi pafupifupi K350,000. Malipiro ochepetsetsa amene boma linakhazikitsa mu Febuluwale 2024 anali K90,000 pa mwezi, choncho foni imene kwawoko amaitcha yotchipa inkafanana ndi thukuta la miyezi pafupifupi inayi la wantchito wolandira malipiro amenewo, asanadye, asanalipire lendi. Ndipo K350,000 imeneyo ndi nambala ya papepala chabe, chifukwa m'mashopu amene ndalowa mitengo inali pamwamba pake kwambiri.

Sindikuimba mlandu ogulitsa, chifukwa chifukwa chake n'chodziwika. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo dola imene inali pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700 tsiku limodzi. Kuyambira pamenepo ndalama zakunja zakhala zosowa m'mabanki, ndipo wamalonda wamng'ono amene akupita ku Dar es Salaam kukaoda katundu nthawi zambiri amagula madola kapena mashilingi pa msika wa mseri, kumene mtengo ndi wokwera kutali. Awonjezerepo thiransipoti, msonkho wa pachipata cha Songwe, lendi ya shopu ndi phindu lake, komanso mantha akuti akamadzabwerera kukaoda, ndalama imene wagulitsira lero sidzakwananso kugula foni yofanana. N'chifukwa chake mtengo umene munthu wauzidwa Lolemba ukhoza kusintha pofika Loweruka, ndipo mashopu awiri oyandikana akhoza kusiyana ndi ndalama zambiri pa foni imodzimodziyo.

Pamenepa ndi pamene ndinayamba kuwerengera mwa njira ina. M'malo mofunsa kuti foniyi ndi ndalama zingati, ndinayamba kugawa mtengo wake ndi zaka zimene ingandigwirire ntchito. Foni ya theka la mtengo imene idzafunika kusinthidwa pakatha zaka ziwiri imadya ndalama zambiri pa chaka kuposa yodula imene yakhala zaka zisanu, makamaka m'dziko limene kwacha ikapita pansi sibwereranso. Kugula foni yokhalitsa lero kuli ngati kugula chimanga nthawi yokolola.

Kuwerengera kumeneku kuli ndi malire ake, ndipo amene anandikumbutsa ndi mmisiri wokonza mafoni amene ndimapitako nthawi zonse, bambo wachikulire amene tebulo lake ladzaza ndi mafoni otsegulidwa. Anandiuza kuti lonjezo la zaka zisanu ndi chimodzi ndi la mapulogalamu, osati la galasi, ndipo kuti sikirini ya AMOLED ikasweka kusintha kwake kumadula kwambiri kuposa ya LCD, moti ena amangosiya foni kwa iye osabweranso. Ananenanso kuti batire lililonse limafooka pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo amene akufuna kufika 2030 ndi foni imodzi akonzekere kudzasinthitsa batire pakati pa ulendowo. Ine ndikuwonjezerapo ziwiri. Mtundu wotsikitsitsa wa foniyi uli ndi RAM (memori imene foni imayendetsera mapulogalamu) ya 4GB ndi mosungira zinthu mwa 128GB, ndipo ngakhale mosungiramo mukhoza kukulitsidwa ndi memori khadi, RAM singawonjezedwe, pamene mapulogalamu amanka nalemera chaka ndi chaka. Amene angakwanitse asankhe ya RAM yokulirapo. Chachiwiri, zokonza zija zimabwera kudzera pa intaneti ndipo zina ndi zazikulu, choncho munthu wodalira bandulo ya tsiku ndi tsiku adzafunika kupeza malo a Wi-Fi, apo ayi lonjezo lonselo lidzangokhala uthenga umene amaukankhira pambali mwezi uliwonse.

Ndiyeneranso kunena chilungamo za mafoni a Tecno, Itel ndi Infinix, amene onse amapangidwa ndi kampani ya Transsion ya ku Shenzhen m'dziko la China. Kampani imeneyi inafika patsogolo pa msika wa mafoni mu Africa chifukwa inaphunzira zofuna zathu: malo a SIM khadi ziwiri kuti munthu akhale ndi Airtel ndi TNM nthawi imodzi, mabatire okhalitsa, ndi makamera ojambula bwino khungu lakuda. Zipangizo zake zimapezeka pafupifupi kwa mmisiri aliyense mu Mzuzu muno. Kwa wophunzira wa ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) amene ndalama zake zikupikisana ndi lendi ya ku Luwinga, foni yotere ikhoza kukhala chisankho chanzeru, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Amene watsimikiza za A16 asatulutse ndalama asanaimbe *#06# pa foniyo, kuti nambala yozindikiritsa foni, yotchedwa IMEI, imene ituluke aifananize ndi yolembedwa pa bokosi. Ayikemo SIM khadi yake ali m'shopu momwemo, chifukwa mafoni ena ochokera ku America amakhala omangidwa ku kampani ya kumeneko ndipo amakana netiweki ya kuno. Afunsenso lisiti lokhala ndi dzina la shopu ndi nthawi imene angabweze foni ikavuta.

Ine ndasankha ya 4G, chifukwa ntchito zanga zonse zimatheka pamenepo, ndipo ndikapita kumudzi netiweki imene ndimaipeza ndi ya pa chulu cha kuseri kwa nyumba ya mayi. Ndalama imene ikanapita ku 5G ndiyiika pa RAM yokulirapo, chaja chenicheni cha mawati 25, kava yolimba ndi galasi loteteza sikirini, limene ndidzaikitsa ndisanatuluke pakhomo la shopuyo. Ndatsala ndi malipiro a mwezi umodzi kuti zikwane, ndipo foni yakaleyi ndalonjeza kale mmisiri uja kuti adzachotsemo zipangizo zimene zikadali zamoyo.