Kupalasa kuchoka ku Limbe m'mawa

M'mawa uliwonse ndimapalasa njinga kuchoka ku Limbe kupita kuntchito ku Ginnery Corner, kudzera mumsewu wa Masauko Chipembere. Popita n'kotsetsereka, miyendo imapuma. Mtima ndiye supuma.

Poti kuno galimoto zimayenda kumanzere, wanjinga malo ake ndi m'mphepete mwenimweni, komwe kumaunjikana mchenga ndi magalasi osweka. Komwekonso ndi komwe minibasi zimakhotera zikaona munthu waimika dzanja.

Lachiwiri lapitali, nditangodutsa raundabauti ya ku Chichiri, minibasi ina inandipitirira n'kuima dzidzidzi patsogolo panga, osayatsa ndi indiketa yomwe. Kondakitala anali atatsegula kale chitseko, thupi lonse lili panja, akukuwa kuti "Tauni! Tauni!" Ndinagwira mabuleki onse awiri, tayala lakumbuyo linaterereka pamchenga, ine khu! pansi. Kontena ya mpunga ndi nyemba yomwe mayi a kunyumba anandilongedzera inatseguka, nyemba mbwee pa tala. Dalaivala anangosuzumira pawindo n'kunena kuti, "Akulu, msewu uno si wa njinga." Mayi amene amakwerawo ndi amene anandifunsa ngati ndavulala.

Chodabwitsa, a mathiraki akuluakulu ndi amene amandipatsako ulemu. Amaliza hutala ali patali, kenaka n'kupatuka pang'ono, ngakhale mphepo yawo imakukankhabe.

Nafenso tili ndi zathu. Anzanga ena a kabaza amayenda usiku opanda nyale, atavala zakuda.

Chigongono chikadali chotupa, ndipo handulo inapindika pang'ono. Ndikaiwongoletsa Loweruka.