Ampu ya atsibweni inatsala pakhonde

Lachitatu usiku. Ana agona, magetsi abwera kumene, koma ine tulo sitikubwera. Ampu, bokosi lokuzira mawu a gitala yanga ya besi, ili pakona pomwe tinaitula madzulo, fumbi la m'njira likadali pamwamba pake. Ndikangoiyang'ana ndikumvanso mawu a mnyamata wa ku situdiyo uja: "Madala, imeneyo ingoisiyani pakhonde pompo, mkati muno sitiifuna."

Ndisamunamizire, ananena mwaulemu. Koma ine n'kuti nditalipira galimoto ya hayala kuchoka ku Bangwe mpaka ku Chilomoni, titaikweza awiri ndi woimba ng'oma wathu, msana ukuchita kulira. Kwaya yathu ikujambula nyimbo zinayi, ndipo chiyambire kukonzekera ndakhala ndikudziuza kuti besi imene anthu akaimve ikhale yomwe ija amaimva Lamulungu lililonse, yotuluka m'bokosi lomweli.

Ampu imeneyi anabwera nayo atsibweni kuchokera ku Joni ine ndili mnyamata. Sipika yake ndi imodzi, ya mainchesi 15, ndipo kulemera kwake kumangotsala pang'ono kufika thumba la simenti. Kachitsulo kolembedwa dzina kanagwa kalekale, panangotsala timabowo tiwiri ta misomali. Pulagi ya kumeneko, ya mano ozungulira, anaidula okha ndi mpeni n'kuikapo yathu ya kuno. Yaimba maukwati, zinkhoswe, misonkhano ya chitsitsimutso ya m'matenti, ndipo pa maliro a mwini wake inaimbanso, ndili ine pa gitala. Ndiye munthu akati isiyeni pakhonde, zimalowa pena pake.

Ndinakana. Ndinati mphwanga, ine besi yanga ili m'menemu. Iye sanatsutse, anangotsegula kabati n'kutulutsa kabokosi kachitsulo kakang'ono ngati sopo wochapira, ka DI. Ndimakadziwa, ku tchalitchi woimba kiyibodi amakagwiritsa ntchito. Kamalandira mawu ochokera ku gitala n'kuwakonza kuti ayende pa chingwe cha maiki, cha mano atatu chija, mpaka ku mikisa osatola phokoso panjira. Mulibe sipika, simugwedezeka mpweya, palibe chimene chimakugunda m'miyendo. N'chifukwa chake sindinakakhulupirirepo.

"Chabwino madala," anatero, "tiyeni tijambule zonse ziwiri, makutu anu omwewo aweruze."

Tinailowetsa. Anaika maiki patsogolo pa sipika, chapambali pang'ono osati pakati penipeni, gitala n'kudzera mu kabokosi kaja kenako kupita ku ampu, kuti kuimba kumodzi kulowe mu kompyuta panjira ziwiri. Anandipatsa mahedifoni. Ndisanakhudze nsambo ndi imodzi yomwe ndinamva kulira kwapansipansi, hmmmm, kosalekeza. Ku tchalitchi kulira kumeneku kumamira m'ng'oma ndi m'mawu a anthu, moti ndinasiya kukumva zaka zambiri zapitazo. M'chipinda chachete muja kunali ngati thiransifoma ya pamsewu yalowa m'mutu mwanga.

Ndinamuuza kuti angokudula ndi makina akewo. Apa ndi pamene anandiphunzitsa chinthu chimene chandikhala pamtima tsiku lonse. Anati magetsi athu kuno amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo kulirako kuli pomwepo, pa 50 Hz. Nsambo yaikulu ya besi, ya E, ikamalira yosagwira imanjenjemera ka 41 pa sekondi. Mukaigwira pa fret yachitatu, kachitsulo kachitatu ka pakhosi pa gitala, pa G, imafika pa 49. Nyimbo yathu yoyamba ili mu G. Ndiye akadula 50 wadulanso noti yanga yeniyeni, imene nyimbo yonse yatsamirapo. Anandiuza kuti ndimenye G n'kuisiya ilire, ndipo ndinamva ndekha mawu akukwera n'kutsika, kamodzi pa sekondi, ngati munthu wopuma movutika. 49 ndi 50 akukankhana. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti ndi nsambo zakale, ndipo ndagulapo zatsopano kangapo pofuna kuthetsa zimenezi.

Anayesa kabatani ka ground lift pa DI paja, kamene kamadula earth pa chingwe cha maiki chija, kulirako sikunachoke, kutanthauza kuti vuto lili mu ampu momwemo, mwina waya wa earth sunagwire bwino, mwina china cha mkati. Anandichenjezanso kuti ndisalole munthu aliyense kuthyola dzino la earth pa pulagi pofuna kuletsa phokoso, chifukwa tsiku lina nsambo zidzandigwira ndi magetsi milomo ili pa maiki. Zimenezo ndinazionapo zikumuchitikira mnzanga wina pa ukwati ku Thyolo, anataya gitala pansi.

Tinajambulabe. Nditafika pa manoti apansi, silingi ya chipindacho inayamba kunjenjemera, zenera nalonso, ndipo zonsezo maiki inkatola.

Kenako anachita chimene sindinayembekezere. Sanandiseweretsere pa masipika ake aakulu aja. Anatumiza zidutswa ziwirizo ku foni yake n'kuiika pa tebulo. "Anthu anu akamvera apa, madala. Pa WhatsApp, mu minibasi, pa kawailesi ka m'khitchini." Ya ampu ija itayamba, besi munalibe. Ng'oma zilipo, kiyibodi ilipo, azimayi akuimba, koma pamalo panga pali bii. Ya kabokosi ija, imene anaikweza pang'ono mawu apakati n'kuithira kaukali pang'ono, noti iliyonse inkamveka, ngakhale kathamangidwe kanga kaja kopita ku kolasi kamene ndinakaphunzira milungu iwiri.

Kasipika ka foni sikangatulutse 41, n'kakang'ono kwambiri. Chimene kamatulutsa ndi mawu ena apamwamba amene amakwera pamsana pa notiyo, ndipo khutu likamva amenewo limadzimalizira lokha kuti pansi pali E. Ine pa ampu yanga batani la bass limakhala lotembenuzidwa mpaka kumapeto, la mid, la mawu apakati, lili pansi, chifukwa umo ndi mmene atsibweni ankaikira, ndipo umo ndi mmene imakomera ukaima pafupi nayo. Ndinkadula ndekha mawu amene amanyamula nyimbo kupita nayo kwa anthu.

Ndili pomwepo ndinakumbuka agogo ena a ku mpingo kwathu, amakhala kumbuyo kufupi ndi khomo. Chaka chatha anandiimitsa panja n'kunena kuti, "Mwanangu, chinthu chakocho chimangondigunda pachifuwa, koma chimene chikuimba sindichimva." Ndinawayankha mwaulemu, mumtima n'kumati ndi ukalamba. Lero ndazindikira kuti ankanena zomwe mnyamata uja wanena, kungoti iwo analibe manambala. Akadali moyo, Lamulungu ndiwapeza.

Ndipo n'zodabwitsa, chifukwa besi yanga yoyamba kuimva inali babatoni, kumudzi, pa msika. Mtengo wautali, waya mmodzi, chikopa cha ng'ombe, magetsi ayi. Inkamveka kuchokera kutsidya kwa msewu, ndipo unkatha kutsatira nyimbo yake bwinobwino. Munalibe kugunda kwa pansi kwambiri kuja mmenemo, munali kulira kwa waya ndi kwa chikopa. Pena pake m'njiramu ndinayamba kuyesa besi ndi mmene ikugwedezera malata.

Ndinayesa kudziteteza komaliza. Ndinati nanga akuluakulu onse aja ankajambula bwanji, si ndi ma ampu a Ampeg? Chiyambire unyamata loto langa ndi Ampeg SVT, imene inatuluka mu 1969, ya ma watt 300, ya mavalavu okhaokha, yokhala pamwamba pa bokosi la masipika 8 a mainchesi 10 limene anzathu amalitcha filiji. Mutu wake wokha umaposa makilogalamu 35. Sindinaigwirepo, ndimangoiona pa YouTube. Iye anaseka pang'ono n'kunena kuti James Jamerson wa ku kampani yojambula nyimbo ya Motown, amene aliyense woimba besi amamutchula, anali nayo Ampeg B-15, kaampu kakang'ono kamene kanayamba mu 1960, ka ma watt osapitirira 30 m'zaka zimenezo, koma ankapita nako kokaimba m'makalabu. Mu situdiyo ya ku Detroit ija, besi yake ya Fender Precision inkalowa molunjika mu makina ojambulira. Ndinakhala chete. Mwana wobadwa ine nditayamba kale kumeta ndevu.

Chimene chinandikhazika mtima pansi pang'ono n'chakuti sananyoze ampu. Anati ikakhala yachete ndipo chipinda chili chabwino, iye amakonda kusakaniza ziwirizo, DI ipereke noti, maiki ipereke thupi. Anandionetsanso chifukwa chake ambiri akasakaniza besi imawonda: mawu amayenda masentimita 34 okha pa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndiye a pa maiki amafika mochedwa pang'ono, n'kumafafanizana ndi a DI. Anakoka mzere umodzi pa kompyuta kuti mafunde agwirizane, besi inanenepa nthawi yomweyo. Kulira kuja nako kunanenepa. Tinabwerera ku kabokosi, ampu tinaitulutsa, inakhala pakhonde mpaka 4 koloko.

Pobwerera woimba ng'oma sanasiye kulankhula. Akuti ndigulitse, ndigule zopepuka za masiku ano. Iye anaonapo Fender Rumble 100, sipika ya mainchesi 12, yolemera pafupifupi makilogalamu 10, yoti ukhoza kukwera nayo kabaza. Kumbuyo ili ndi potulukira pa XLR, pobayira chingwe cha mano atatu chija, ndiye ku tchalitchi ingakhale yoti ndizidzimvera ndekha, mawu opita kwa anthu azidzera mu mikisa. Ili ndi pobayira mahedifoni. Apo ndi pamene anandigwira, chifukwa nyumba yathuyi khoma timagawana ndi aneba, ndipo mayi wa kumeneko amagwira ntchito usiku, masana amagona. Besi siimva khoma. Ungatseke zitseko zonse, imadutsa m'njerwa ngati madzi mu dengu. Mwezi uno ndakhala ndikuyeserera gitala yosalumikiza, khutu nditaligunditsa pa thupi lake.

Koma pa ukwati wa pabwalo, popanda zokuzira mawu zokwanira, ng'oma zikumenyedwa ndi iyeyo amene sadziwa kumenya pang'ono, ma watt 100 angakwane? Sindikukhulupirira. Pali Rumble 500, koma nayo payokha imatulutsa 350, imafika 500 pokhapokha uwonjezere bokosi lina la sipika. Ndiye wabwereranso kunyamula mabokosi awiri. Komanso manambala amenewa amatinamiza ife ogula: kuwirikiza ma watt kawiri kumangowonjezera ma decibel atatu, khutu limamva kuti zakwera pang'ono chabe. Kukula kwa sipika ndi kuchuluka kwake nthawi zambiri ndiko kumasuntha mpweya. Pa mfundo imeneyo bokosi la atsibweni silinagonje kwa aliyense. Pabwalo palibe silingi yoti injenjemere, ndipo kulira kwa 50 kuja kumamira mu jenereta.

Msuweni wanga ku Joni akhoza kutumiza pa basi, magetsi a kumeneko ndi 230 ngati athu, n'kungosintha pulagi. Za ku America ndiye ayi pokhapokha nditawerenga kumbuyo kwake ndi maso anga, zambiri ndi za 120, ukangobaya kuno utsi. Koma ndalama yake ndi lendi ya miyezi ingapo, ndipo Januwale akubwera ndi fizi.

Mayi a kunyumba atandiona ndikuilowetsa anangoti, "Abambo, msana wanuwo muli nawo umodzi." Sanawonjezere. Iwo akhala akufuna malo a pakonapo kuti paikidwe tebulo lowerengera ana, ndikudziwa, koma sananenepo kuti igulitsidwe. Pa ukwati wathu inaimba yomweyi.

Mwina n'zosavuta kuposa mmene ndikuzionera. Kagule ka DI, n'kotsika mtengo, ndizikayenda nako m'chikwama cha gitala. Ampu ipite kwa mkulu wina wokonza mawailesi ku Limbe akaione waya wa earth. Batani la mid likwere, la bass litsike. Kunyumba ndiziyeserera pa mahedifoni. Zonsezo ndikuzidziwa, ndazilemba kale pa kapepala. Chimene chikundisowetsa tulo n'china. Nyimbo zinayi zija zikadzatuluka, anthu a kwathu adzamva besi yoyera, yomveka noti iliyonse, ndipo adzati waimba bwino. Koma mmenemo mulibe bokosi la atsibweni, ndipo iwo sanajambulidwepo ndi kamodzi komwe. Zaka zonse zija ankaimba, palibe kaseti, palibe chilichonse. Ndinkaganiza kuti mwina kudzera m'sipika yawoyi kanthu kena kawo kadzalowa mu chimbale.

Posachedwapa foni yalira. Mnyamata uja watumiza mafayilo awiri. Yoyamba walemba kuti ndi yomwe tigwiritse ntchito. Yachiwiri walemba, "Iyi ndi ya ampu yanu yokha, sindinaifufute, isungeni madala." Yoyambayo ndaimvera katatu. Yachiwiri ikufunika mahedifoni abwino, ndipo anga ali m'chipinda momwe mwagona ana. Mawa kuli kuyeserera 5 koloko ku tchalitchi, wa galimoto uja wafunsa ngati abwere, sindinamuyankhe.