Sabata imene ndinatulutsa Pentax m'kabati

Lolemba m'mawa mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anandionetsa zithunzi za gogo wina yemwe anamujambula atakhala pawindo. Katani inatuluka bwino mpaka ulusi wake kuoneka, koma nkhope ya gogoyo inali bii. Iye akuti kamera yamulakwira. Sinalakwe ayi. Kachipangizo koyeza kuwala m'kameramo kanapangidwa kuti chilichonse kazichitenga ngati chotuwa chapakatikati, chobweza pafupifupi 18 peresenti ya kuwala. Kakaona windo lowala kamachepetsa kuwala ponseponse, chifukwa sikadziwa kuti mwabwerera nkhope.

Ndinatsegula kabati n'kumupatsa Pentax K1000, kamera ya filimu imene ndinaphunzirira ineyo. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa mu 1976 mpaka 1997. Batire yake imangoyendetsa kasingano kosonyeza kuwala. Mukaichotsa, shata (kachitseko kolowetsa kuwala mukadina) imagwirabe ntchito pakuti imayendera masipuling'i. Ndinaikamo filimu ya Ilford HP5, ISO 400 (nambala yosonyeza mmene filimu imamvera kuwala), ya zithunzi 36.

"Iwe, filimuyi ikukwanire sabata yonse. Kukula kwa kabowo ka lenzi usankhe wekha, liwiro la shata wekha, focus wekha."

"Nanga ndidziwa bwanji ngati chatuluka, bwana?"

"Udziwe usanadine."

Lachiwiri tinali panja. Ndinamuphunzitsa lamulo lakale la dzuwa: likamawomba popanda mitambo, ika kabowo ka lenzi pa f/16, ndipo liwiro la shata lifanane ndi ISO ya filimu, ndiye kwa ife 1/500 ya sekondi, liwiro loyandikira kwambiri 400 pa kamerayi. Kukachita mitambo tsegula kabowo, f/11 kapena f/8. Pofika madzulo anali atayamba kuyang'ana mithunzi pansi asanakweze kamera kumaso. Ndinasangalala kwambiri.

Lachitatu usiku ndinali ndi ntchito yojambula sewero. Ndinatenga kamera yanga ya digito, koma batani ndinalipotolera pa M, pamene zonse umasankha wekha. Pasiteji kumbuyo kumakhala mdima, osewera ali m'nyali zamphamvu. Kamera mukaisiya iziganiza yokha imafuna kuwalitsa mdimawo, nkhope n'kupserera mbee. Ndiponso imasinthasintha wina wovala zoyera akangolowa, mwakuti zithunzi khumi zotsatizana sizifanana. Ine ndinafika pa nthawi yoyeserera, ndinayeza kuwala pa tsaya la wosewera mmodzi, n'kusiya pomwepo: f/2.8, 1/250. Sewero litayamba maso anga anali pa anthu basi. Ndinkadikira mayi wina atembenuke, dzanja lake lifike pamene ndinalifuna. Ichi n'chimene ndimakondera kujambula chonchi. Nkhani ya kuwala ndimaithetsa ndekha kamodzi, mtima wonse n'kupita kwa munthu amene ali patsogolo panga, ndipo chithunzi chikatuluka ndimadziwa chifukwa chake chatuluka motero.

Lachinayi kunali mpikisano wothamanga wa ana. Apa sindibisa, autofocus, pamene kamera imalunjikitsa yokha lenzi, inandithandiza zedi. Mwana akamathamangira kumene muli, dzanja silingapotole lenzi mwaliwiro lotero kangapo konse osaphonya. Kuyambira pamene kamera ya autofocus ya Minolta 7000 inatuluka mu 1985, ntchito ngati imeneyi inapepuka, ndipo sindingafune kubwerera m'mbuyo.

Lachisanu tinatsuka filimu ija. Pa zithunzi 36, zambiri zinali ndi vuto, zina zosalunjika bwino, zina zogwedezeka chifukwa anajambula m'nyumba pa 1/15 kamera ili m'manja. Chilichonse ankachiloza n'kunena yekha chimene chinachitika, ine osatsegula pakamwa. Kenako tinafika pa chithunzi cha nambala 31. Anali atabwerera kwa gogo uja osandiuza. Windo lomwe lija, koma tsopano linayera mbuu, katani osaonekanso, pamene nkhope inatuluka yonse, makwinya a pamphumi ndi kuwala kwa m'maso.

"Ndinasendera pafupi n'kuyeza pa nkhope pokha, bwana. Windolo ndinalitaya dala."

Ndinamupatsa filimu ina, n'kumuuza kuti Pentax akhale nayo mpaka mwezi uthe.