Geji yosweka mu Dakota

Pakanapanda za Lachitatu, sabata ino ku myuziyamu yathu ya ndege kuno ku England ikanangodutsa ngati zinzake. Lolemba ndi Lachiwiri inali ntchito yomwe mukuidziwa kale: kupukuta zitosi za nkhunda pamapiko, kuona majeke kuti matayala asalemedwe, kusakasaka ufa woyera uja wosonyeza kuti aluminiyamu wayamba kudyeka. Denga la shedi yaikulu likudonthabe pamchira wa ndege ya Vampire, ndipo yankho la ku ofesi likadali ndowa.

Tili ndi ndege ya Dakota, ija ena amati DC-3, mtundu womwe unayamba kuuluka mu 1935. Air Malawi inayamba ndi ndege zamtundu womwewu mu 1964, n'chifukwa chake ineyo ndimaikondera poyera. Mageji ake ambiri ndi akale enieni, manambala ndi mivi yake anapaka utoto wa radium, chitsulo chotulutsa radiation (mphamvu yosaoneka yowononga thupi), kuti woyendetsa aziona usiku. Utotowo unasiya kuwala kalekale chifukwa zinc sulphide, amene ankawalitsa, anatha mphamvu. Koma radium sanapite kulikonse: pamafunika zaka pafupifupi 1,600 kuti achepe ndi theka lokha. Galasi likakhala lathunthu, vuto n'lochepa. Likasweka, utoto wouma uja umayoyoka n'kusanduka fumbi, ndipo munthu akalipuma kapena kulimeza, thupi limalitenga ngati calcium n'kukalisunga m'mafupa.

Zonsezi abwana akuzidziwa, ndinawalembera ndekha. Koma alendo amalipira ndalama yapadera kuti ajambulitse atakhala pampando wa woyendetsa, ndiye analamula kuti chitseko chitsegulidwe, ana asukulu alowe. Ndinapempha kuti tiyambe tatchinga mageji onse ndi pulasitiki wolimba. Anati zimenezo ndi za bajeti ya chaka chamawa.

Lachitatu lija, mwana wina potembenuka anamenyetsa botolo lachitsulo pa geji yoonetsa kutalika kwa ndege m'mwamba. Galasi linang'aluka, tizidutswa tinagwera pansi. Wodzipereka amene anali nawo, bambo wachikulire wamtima wabwino, anagwada n'kuyamba kutola ndi manja. Ndinakuwa shedi yonse kumva. Tinatulutsa ana, kuwasambitsa m'manja, chitseko n'kuchimata ndi tepi.

Apa m'pamene mtima unandiwawa zedi. Makina athu a Geiger, oyezera radiation, anali atatumizidwa kukayesedwa, ena apadera tilibe. Mnzathu amene ankayang'anira za radiation, monga amafunira malamulo a dziko lino a 2017, anasiya ntchito ndipo pamalo pake sanalembepo munthu. Aphunzitsi akundifunsa maso ali gwa ngati anawo ali bwino, ine ndangoima manja lende, wopanda choyezera. Ndikanati chiyani? Kunena kuti palibe vuto likanakhala bodza, kunena kuti lilipo ndikanawachititsa mantha popanda umboni.

Tinachita kuitana katswiri wakunja, anafika ndi makina ake basi ya ana itadikira kwa nthawi yaitali pabwalo. Anayeza manja, nsapato, zikwama, botolo lija: ana onse analibe kanthu. Makina analira pansi pa mapedulo, ndi pamkono wa juzi ya bambo aja. Juziyo inalowa m'thumba lomata, iwo n'kubwerera kwawo atafunda jekete langa, akupepesa ngati olakwa ndi iwo.

Funso loyamba la abwana silinali la ana kapena la bambowo. Anafuna kudziwa ngati Dakota itsegulidwe Loweruka, poti anthu analipira kale. Lipoti lomwe anandipatsa kuti ndisaine linati ngoziyo inadza chifukwa cha kusasamala kwa mlendo. Mlendo wake mwana wa pulayimale! Ndinakana, ndinalemba langa, n'kumatapo kalata yanga ija yopempha pulasitiki, deti lake likuoneka bwinobwino.

Lachinayi ndi Lachisanu anathera m'mafomu ndi kuwerenga mageji a radium m'ndege zina zonse, ntchito yomwe inayenera kuchitika kale. Dakota ikadali yotseka, kiyi ali m'thumba mwanga, ndipo amene akumufuna abwere ndi pulasitiki ndi makina achiwiri a Geiger.