Nkhope yatha, jekete lasiyidwa

Pa zojambula zonse za Jean-Auguste-Dominique Ingres, wojambula wa ku France, chimene sindithana nacho ndi cha Niccolò Paganini, katswiri woimba vayolini, cha pensulo, cha mu 1819 ku Rome. Nkhopeyo anaigwira mofatsa, maso, mphuno, tsitsi lija. Mukatsika m'munsi, jekete ndi mizere yochepa chabe, yothamanga, ina yosakumana n'komwe. Komabe munthuyo ali pomwepo, wamoyo, vayolini yake m'khwapa.

Ingres sankazinyadira zimenezi. Ulamuliro wa Napoleon utagwa mu 1815, anthu amene ankamupatsa ntchito zikuluzikulu za penti anabalalika, ndiye kuti adye anayamba kujambula alendo obwera ku Rome, ambiri a ku England, ndi pensulo papepala. Iye ankadziona ngati katswiri wa penti, izi zinali ganyu. Lero ganyuyo ndi amene ena a ife timamuphunzirapo kwambiri.

Inenso ndimajambula nkhope. Makasitomala amatumiza chithunzi pa WhatsApp, chaukwati kapena cha malemu, ndipo amafuna chifanane ndi cha kamera mpaka batani lomaliza. Ndimachita, poti ya sopo imachokera pomwepo. Mayi wina ataona tsamba la m'kope langa pomwe ndinajambula agogo mutu wokha, mapewa n'kungowalemba mizere iwiri, anati, "Achimwene, apa mwasiya theka, ndiye mtengonso ukhale theka." Tinaseka. Koma tsamba limenelo sindigulitsa, ndipo ndi lokhalo limene agogo amaonekadi agogo.

Chifukwa chake ndi ichi. Chojambula chosatha chimaulula pamene wojambula anayang'anitsitsa. Pomwe pensulo yakuda ya 4B yadinda kwambiri, pakona ya diso kapena pansi pa mlomo, mpomwe panamugwira mtima. Pomwe pensulo yolimbirapo ya HB yangodutsa pang'ono, anaona kuti palibe nkhani. Chibwano chikajambulidwa kawiri, mzere woyamba osafufutidwa, mumaona munthu akusaka, ndipo nkhopeyo imaoneka ngati ikufuna kutembenuka. Ukangoyamba kusalaza ndi chala, kudzaza paliponse mofanana, khutu ndi kolala zimayamba kulankhula mokweza ngati maso, ndiye woonera sadziwanso poyang'ana.

Hans Holbein, yemwe anajambula anthu a kunyumba yachifumu ya Henry VIII wa ku England, ndiye anafika nazo patali, ngakhale iye ankagwiritsa ntchito choko chamitundu osati pensulo. Zojambula zake zinali zokonzekera chabe. Pamalo popaka mtundu wa chovala, nthawi zina ankangolembapo mawu onena mtundu wake kapena nsalu yake, kuti adzakumbukire pogwira penti. Pa china cha Thomas More, nduna ya mfumuyo, pali timabowo tobooledwa motsatira mizere, tosamutsira nkhopeyo pathabwa. Mfumukazi Caroline inazipeza m'kabati ku Kensington Palace mu 1727, ndipo pano zimasungidwa ku Windsor Castle. Sizinapangidwe kuti ife tizione, n'chifukwa chake mulibe kudzionetsera. Munthu wakhala patsogolo pake, mwina watopa, mwina akufuna kunyamuka, Holbein n'kutola zofunika zokha.

Koma tisanamizane. Si chosatha chilichonse chomwe chili ndi moyo. Masiku ano anyamata ambiri aphunzira kusiya ngodya yoyera dala kuti chioneke chaluso, ndipo zimadziwika, chifukwa mzere wosiyidwawo sukuchokera kulikonse. Ena timasiya manja, osati poti alibe nkhani, koma poti manja ndi ovuta. Tsegulani kope la wojambula aliyense wongoyamba, mupeza anthu apisa m'thumba kapena abisa manja kumbuyo, tsamba ndi tsamba. Ingres akasiya jekete, mumadziwa kuti akanafuna akanalimaliza, chifukwa mizere yochepayo yakhala kale pamalo pake, phewa likulemera, chigongono chapinda pomwe fupa lili.