Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Tsiku lomwe ndinaiwala matayala ku Rustenburg

M'gawo lapitalo ndinalekezera pa tsiku lomwe ndinalandira PPL, laisensi ya munthu wouluka mwa kufuna kwake, osati wolembedwa ntchito. Lamulo la kuno ku South Africa limati maola 45 ndi okwanira, koma ine ndinadutsa 70, chifukwa ndalama zikatha ndinkakhala mwezi wathunthu osaponda pabwalo, pobwerera n'kupeza manja aiwala. Maola onsewo ndinawathera mu Cessna 172, ndege yofatsa ngati ng'ombe ya pangolo. Ukalakwitsa imakudikira kuti ukonze.

Chinanditulutsa mu 172 ndi mapu. Usiku wina ana atagona ndinawayala patebulo n'kuyeza kuchoka pa Wonderboom, bwalo la kumpoto kwa Pretoria komwe ndimaulukira, kukafika pa Chileka. Makilomita opitirira pang'ono 1,300 ukadula chowongoka. Pa liwiro la 172, la makilomita pafupifupi 200 pa ola, ndi maola 6 ndi theka, ndipo mafuta ake sangakufikitse osatera panjira. Inu amene munakwerapo basi ya ku Joni, kudutsa Beitbridge usiku, Nyamapanda, kupsa ndi dzuwa la ku Tete mpaka kufika pa Mwanza miyendo itatupa, munena kuti maola amenewo ndi masewera. Zoona. Koma pabwalo pomwepo panali Cessna 210 yoyenda makilomita pafupifupi 300 pa ola, ndipo ndinali nditayamba kale kuiyang'ana ngati mwana woyang'ana mandasi m'ndowa ya eni ake.

Nditawauza mayi a kunyumba, anasiya kutsuka mbale n'kundiyang'ana. "Amunanga, ija munathera ndalama zonse zija sinali ndege? Inali njinga?" Ndinawafotokozera kuti laisensi siikulola kukwera ndege iliyonse. Mtundu uliwonse watsopano uyenera kuuphunzira, mphunzitsi n'kusaina m'buku lako. "Ndiye kuti sukulu yanuyi ilibe tsiku lotsekera," anatero, n'kubwerera ku mbale zawo. Sanakane. M'nyumba mwathu kusakana ndiye kuvomera komweko.

Cessna anasiya kupanga 210 mu 1986, choncho iliyonse yomwe mungaione lero ndi nkhalamba. Yathu inali ya m'ma 1970, mipando itasupuka m'mbali, m'kati mukununkha mafuta ndi chikopa chakale. Ili ndi mipando 6 ndi injini ya Continental ya masilinda 6, ya horsepower 300, pomwe 172 yanga inali ndi 160 basi. Ku Namibia ndiyo imanyamula alendo oona malo kupita nawo m'chipululu, ndipo mphunzitsi yemwe anandipatsa, bambo wachikulire wolankhula Chiafrikaans, anakulira kumeneko pa ndege yomweyi. Anali munthu woumira mawu. Akayankhula, umadziwa kuti pali nkhani.

Ola loyamba sitinauluke n'komwe, tinangokhala m'kati injini ili chete. Mu 172 dzanja lamanja limasamala zokoka ziwiri, yakuda ya throttle yoonjezera kapena kuchepetsa mphamvu ya injini, ndi yofiira ya mixture yomwe imachepetsa kapena kuonjezera mafuta olowa mu injini. Muno pakati pawo panali yachitatu, yabuluu, ya pulopela. Imeneyi imasintha kapendekedwe ka mapeni a pulopela, monga momwe magiya a njinga amachitira: ena ndi okwerera chitunda, ena ndi a pachidikha. Poonjezera mphamvu umayamba yofiira, kenako yabuluu, n'kumaliza yakuda. Pochepetsa umayamba yakuda. Pansi pa injini pali tizitseko totchedwa cowl flaps, totsegula pokwera kuti injini ipume, totseka potsika kuti isazizire mwadzidzidzi. Mafuta nawo, ndege yathuyi inkamwa thanki imodzi pa nthawi, yakumanzere kapena yakumanja, osati zonse pamodzi ngati 172, ndiye ukaiwala kusintha injini ikhoza kuzima mafuta ali tho mbali inayo. Ndipo panali chogwirira chokhala ndi mutu wonga katayala. Matayala a 210 amapindika n'kubisala m'mimba ikanyamuka, ndipo kumeneko n'kumene kumachokera gawo lina la liwiro lake.

Zonsezi ndinaziloweza ngati katekisimu, n'kuona ngati ndatha.

Kunyamuka koyamba kunandichotsa matama. Wonderboom ili pamtunda wa mafiti pafupifupi 4,100, chimodzimodzi ndi bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, ndipo pamtunda wotere mpweya ndi wopepuka, moti mixture umaichepetsa usananyamuke. Nditakankha yakuda, msana unamatirira kumpando, mphuno ya ndege n'kuyamba kuthawira kumanzere. "Phazi lamanja! Limbikitsani!" Ndinaponda mpaka ntchafu kunjenjemera. Pomwe ndinkakumbukira zokweza matayala, tinali titadutsa kale mpanda wa bwalo, ndipo pomwe ndinkamaliza kukonza injini tinali titapitirira mtunda womwe anatiuza pa wailesi. Chilichonse ndinkachichita molondola, koma mochedwa.

Ulendo wachinayi anati tipite ku Rustenburg, dera la migodi ya platinum, makilomita ngati 95 kumadzulo. Njirayi ndinkaidziwa ngati ya kumunda: mapiri a Magaliesberg kumanzere, madzi a damu la Hartbeespoort akunyezimira kuseri kwake, Brits pansi. Mu 172 unali ulendo wa theka la ola, wokwanira kuona malo, kumwa madzi, kenako n'kuyamba kuganiza zotera. Mu 210 ndi mphindi 20, ndipo mphindi iliyonse imadya makilomita 5. Tinali pa mafiti 6,500, bwalo lili pa 3,700. Masamu ake ndi a ku pulayimale: kutsika mafiti 500 pa mphindi kuti makutu asapweteke, ndiye kuti uyenera kuyamba kutsika udakali kutali ndithu, bwalo usanalione n'komwe. Ine ndinadikira kuti ndilione kaye, monga ndinazolowerera.

Nditaliona, linali pafupi kulowa pansi pa mphuno. Ndinatsitsa mphuno, liwiro n'kukwera. Ndinaikweza kuti liwiro lichepe, ndege n'kukana kutsika. Apa m'pomwe ndinadziwa kuti ndege yopanda matayala panja ndi yoterera ngati mlamba: singatsike ndi kuchepetsa liwiro nthawi imodzi. Pa wailesi wina ankanena malo ake, ine ndikuyankha mawu akuphophonyeka, maso akufunafuna kansalu koonetsa mphepo. Pothedwa nzeru ndinakoka yakuda yonse kamodzi, chinthu chomwe anandiletsa tsiku loyamba lomwe, popeza injini yaikulu yotentha safuna kuiziziritsa mwadzidzidzi. Nthawi yomweyo m'makutu munayamba kulira: pii, pii, pii.

Kulirako ndinakumva. Ndikunenetsa kuti ndinakumva. Koma mutu unali utadzaza ngati minibasi ya madzulo, mopanda poika china. Ndinangoti mwina ndi chenjezo loti liwiro lachepa, ngakhale limenelo limalira mosadukiza ndipo liwiro langa linali lochuluka kale. Ndinakhota komaliza, ndinatsitsa flaps, tizigawo ta kumbuyo kwa mapiko tothandiza kutera pa liwiro lochepa, msewu wa ndege uli patsogolo panga bwinobwino, mtima n'kuyamba kukhala m'malo kuti ndaipeza.

Mkulu uja anali atapinda manja pachifuwa nthawi yonseyi. Anangoti, mosakweza mawu, "Tayang'anani pawindo lanu, pansi. Mukuona chiyani?"

Ndinayang'ana. Ndinaona udzu wouma, mpanda wa waya, ndi mthunzi wa ndege yathu ukuthamanga pansi. Pomwe pankayenera kukhala tayala panalibe kanthu. Kanyali kobiriwira kosonyeza kuti matayala atsika kanali kozima.

"Bwererani m'mwamba."

Ndinakankha zonse kutsogolo, ndege inabangula, ndinalimbana ndi chiwongolero chomwe chinkafuna kudzutsa mphuno, ndipo tinadutsa pamwamba pa bwalo ine malaya atanyowa. Kachiwiri ndinatera bwino. Titazimitsa injini, sanandikalipire, ndipo chimenecho n'chomwe chinandipweteka kwambiri. Anati ndege inafika ku Rustenburg ine ndikadali ku Brits. Anati oiwala matayala ambiri si mbuli, ndi anthu odziwa omwe chinachake chawasokoneza pa mphindi yolakwika, ndipo belu lochenjeza za matayala lija amalimva ngati momwe ndinalimvera ine. Ndinakumbukira mawu a agogo anga aamuna akuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Ndege iyi ikakutsogolera pang'ono pokha, suipezanso.

Pofuna kubwerera, injini yotentha ija inakana kulira mpaka kachitatu, monga zimachitira injini zamtunduwu mafuta akaphwera m'mapaipi. Ndinaona ngati nayonso ikundinyoza.

Milungu iwiri yotsatira ndinaulukira pabalaza. Ndinaika mpando pakati, patebulo n'kundandalika zotsekera mabotolo zitatu, yakuda, yabuluu ndi yofiira, chipande n'kukhala chogwirira cha matayala. Ndinkayenda ulendo wonse wa ku Rustenburg pakamwa, wotchi ili m'manja, ndikunena chomwe ndichite pa mphindi ziwiri zikubwerazo, osati chomwe ndikuchita panopa. Mwana wanga wamkazi wamng'ono anapatsidwa ntchito yondisokoneza. Ankabwera nthawi iliyonse yomwe wafuna n'kukuwa kuti, "Adadi, matayala!" ndipo ine ndinkayenera kuloza, kuyang'ana pawindo la bodza n'kuyankha. Amake ankadutsa ndi beseni la zovala akupukusa mutu.

Kuyambira pamenepo matayala ndimawafunsa katatu: ndikamayenda mbali ya bwalo, ndikamakhota, ndi pomaliza penipeni, ndipo dzanja silichoka pa chogwirira mpaka kanyali kayake ndi tayala ndilione ndi maso. Mphamvu ya injini ndimaichepetsa pang'onopang'ono kuyambira kutali. Ndinazindikiranso kuti matayala omwewo ndiwo mabuleki a m'mwamba: ukawatsitsa pa liwiro lololedwa, ndege yoterera ija imakhala yomvera. Kunena zoona, kuwongolera 210 sikovuta kuposa 172, kungoti ndi yolemera mphuno ndipo imafuna trim, kagudumu kopepusa chiwongolero, nthawi zonse. Chomwe imakulanda ndi nthawi yoganiza, ndipo imeneyo sagulitsa pabwalo. Mafuta okha ndiwo amagulitsa, ndipo imamwa pafupifupi kuwirikiza kawiri.

Patapita maulendo ena asanu, mkulu uja anatenga buku langa, analisanjika pa bondo, n'kusaina osanena kanthu. Pondibwezera anangoti ndisanyamule banja kufikira nditauluka ndekha maola angapo.

Madzulo ake ndinaimbira amayi kumudzi. Ndinawafotokozera za liwiro, za mipando 6, za maola 4 ndi theka kufika pa Chileka. Za ku Rustenburg sindinawauze. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa kuti, "Nanga mwananga, thumba la ufa lingakwanemo pobwerera?" Ndinatenga pensulo n'kuyamba kuwerengera kulemera kwake, foni ili pakhutu.